FUNSANI AZAKHALI: Anzathu a kusukulu atipeza pa WhatsApp, tithawire kuti?

Mwezi uno ndinati ndiyankhe za apongozi monga ndinalonjezera, koma makalata ambiri amene abwera akukamba nkhani imodzi, ya anzathu amene tinasiyana nawo pa geti la sukulu kalekale nde pano atulukira mu foni. Apongozi adikire kaye, sathawa. Ndasankha makalata anayi, ndadulako apa ndi apo poti ena mumalemba ngati kompozishoni ya mayeso, ndipo maina a anthu ndi a masukulu ndachotsa.

NDINALI NAMBALA WANI, PANO NDIKUGULITSA MISOMALI

Azakhali,
Ine ndi bambo wa zaka 49, ndimakhala ku Bangwe. Ndinalemba MSCE mu 1995 pa sukulu ina ya bodingi ya anyamata okhaokha. Chaka chatha mnzanga wina anandipeza mu Limbe nkutenga nambala yanga, madzulo ake ndinangoona ndalowetsedwa mu gulupu ya kalasi yathu, tilimo anthu 62. Poyamba zinali bho, kuseka za nyemba za anankafumbwe ndi mgaiwa wosapsa, maina achipongwe amene tinkapatsa aphunzitsi, zothawa prep kukagula zigumu kumudzi wapafupi. Kenako adimini anati poti takwanitsa zaka 30 aliyense alembe kumene ali, chimene akuchita, aponye ndi chithunzi cha banja. Azakhali ndinaona zinthu. Wina ndi dokotala ku Manchester, wina ali ndi mathiraki ku Kanengo, wina loya, wina ali ndi mpingo wakewake, ndipo amene ankakopera masamu kwa ine kuyambira fomu 1 pano ndi bwana ku banki ina, mwana wake akuphunzira ku Cape Town. Alemba anthu 19. Ine ndinali nambala wani kalasi imeneyo, ndinapita ku Poly, ndinagwira ntchito zaka 17 pa kampani ina ku Makata mpaka inatseka, ndalama zimene anatipatsa zinathera fizi ya ana ndi matenda a mayi anga. Pano ndili ndi kashopu, ndimagulitsa misomali, mahinjesi, maloko ndi penti. Sindinalembe kalikonse, ndimangowerenga. Tsopano akonza zokumana pa loji ina ku Namiwawa, aliyense K120,000 ndi tisheti yomwe. Imeneyo kwa ine ndi lendi ya shopu. Mayi akunyumba akuti ndingotulukamo poti ndikawerenga za mu gulupumo ndimagona osadya. Nditulukedi?
Wosweka mtima, Bangwe

Achimwene,
Musatuluke. Masiku ano munthu ukatuluka mu gulupu uthenga umangopita kwa adimini yekha, nde palibe amene angakusekeni, koma inuyo mudzatuluka ndi chimtolo chomwecho nkukagona nacho osadya monga kale.

Paja mumakhoza masamu, tiyeni tichite. Mwati mulimo 62, alemba 19. Otsalawo 43 ali kuti? Mukuganiza kuti onsewo ndi madokotala a ku Manchester amene asowa nthawi yolemba? Ambiri a iwo ali ngati inu, agwira foni pa mpando wa minibasi kapena pa khonde la nyumba ya lendi ku Chirimba, akuwerenga nkumati ine ndekha nde ndinalephera. Amene amathamangira kulemba ndi amene zawayendera, nde mukamawerenga mumaona ngati kalasi yonse inakwera ndege kusiya inu pa Wenela. Ndipo ngakhale 19 amenewo alemba za pabwalo, za kuchipinda sanalembe. Palibe amaponya chithunzi cha mankhwala a BP kapena kalata ya ku banki yoti tikulanda nyumba. Sindikunena izi kuti muzidzitonthoza ndi mavuto a anzanu ayi, zimenezo ndi ufiti, ena a iwo zinthu zikuwayenderadi ndipo muwayamikire. Ndikungoti musamayeze moyo wanu wonse ndi chithunzi chimodzi cha munthu atavala suti pa ukwati wa mphwake.

Komanso kumbukirani dziko limene munatulukiramo. Munamaliza sukulu patangopita chaka chimodzi kuchokera pa chisankho cha 1994, kwacha atangoisiya kuti iziyandama yokha, boma lili pafupi kuyamba kugulitsa makampani ake. Nthawi imeneyo yunivesite inali imodzi yokha, ya Mzuzu inadzalandira ophunzira oyamba mu 1999, nde inu amene munalowa pa Poly munali ochepa zedi ndipo tonse tinkaganiza kuti njira yanu yatha kulambulidwa. Koma ife okhala mu Blantyre muno tinaona ndi maso mmene mafakitale a ku Makata ndi Ginnery Corner anachepera, anthu amene ankadzaza msewu mmawa wapansi kuchokera ku Ndirande atanyamula mabokosi a nkhomaliro anatha pang'onopang'ono. Onjezani kugwa kwa kwacha, 25 peresenti mu 2022 kenako 44 peresenti mu November 2023, ndalama imene munthu anasunga zaka zambiri nkusanduka ya matumba angapo a simenti. Mayeso a MANEB sanafunse zimenezo. Unambala wani wanu unali weniweni koma unathera pa bolodi la zotsatira, ndipo mnzanu wokopera uja mwina ankadziwa zina zimene inu simunkadziwa, monga kucheza ndi anthu, amene akudziwa ndi Mulungu.

Ndikuuzeni zanga. Ine ndinamaliza fomu 4 mu 1983, nthawi imene mkazi kuvala thalauza unali mlandu. Tinadzakumana a kalasi yathu patapita zaka 30 kunyumba kwa mnzathu wina ku Nyambadwe, ine ndili mphunzitsi wa pulayimale wodikira penshoni. Ndinabwereka chikwama cha mwana wanga, ndinatsika minibasi patali dala kuti asaone chimene ndakwera, nde ndikuyenda fumbi lonse mu nsapato. Nditayandikira ndinakhota kuseri kwa mpanda woyandikana nawo kuti ndipukute nsapato ndi tishu. Kuseriko ndinapeza azimayi awiri atawerama, wina akupukuta nsapato ndi kansalu, wina akuvula masilipasi kuti avale zazitali zimene anabisa mu jumbo. Tinayang'anana. Mmodzi ndinamudziwira mpata wa mano, tinkagona bedi loyandikana ku hostelo. Tinaseka mpaka mlonda anatuluka kudzaona, ndipo tinalowa atatu limodzi nsapato zili mbuu. Za mkatimo zambiri ndinaiwala, kaya tinadya chani, koma awiri amenewo mpaka lero tili banki mkhonde imodzi.

Nde chitani izi. Lembani zanu, mizere itatu basi, osapepesa, osayamba ndi mawu oti zinthu sizinayende. Muti ndili ku Bangwe, ndili ndi banja ndi ana angapo, ndimagulitsa zipangizo zomangira pamalo akutiakuti, amene akumanga andipeze. Anzanu a mathirakiwo ndi amene akumanga ku Chileka, ku Mpemba ndi ku Chigumula, misomali amagula kwa munthu wosamudziwa. Ndipo muona, mukangolemba inu, ena mwa 43 aja ayamba kutuluka mmodzimmodzi ngati ngumbi mvula ikagwa.

Za K120,000 musakatenge katapila chifukwa cha tisheti, ndakukanizani. Muimbireni adimini pambali, osati mu gulupu, mumuuze mosabisa kuti mtengo umenewu ubweretsa anthu 19 omwe aja ndipo kumeneko sikukumana kwa kalasi. Apange zoti masana anthu akumane malo osalipira, kaya pa sukulu pompo kaya pa bwalo la tchalitchi, aliyense abwere ndi chimene angathe, a loji apitirize usiku ndi ndalama zawo. Akakana, musapite, ndipo shopu mutsegule monga mwa masiku onse. Mayi akunyumba muwathokoze, aona kuti simukudya pamene anzanu 61 sakudziwa.

AKUTI MADZI SAIWALA KHWAWA

Azakhali,
Ndine mayi wa zaka 46 wa ku Nkolokosa, ndili pabanja zaka 21, ana atatu. Mu gulupu yathu ya kusekondale mwalowa amene anali chibwenzi changa fomu 3 ndi 4, anapita ku Joni kalekale. Anayamba ndi moni ku inbox, kenako zithunzi zakale, pano timacheza mpaka 11 usiku ndipo akuti banja lake linatha, akubwera pa Khirisimasi tikaonane ku Limbe tingomwa tiyi. Akuti madzi saiwala khwawa. Palibe chimene tachita koma ndinasintha pasiwedi ya foni. Kodi pali cholakwika kucheza ndi mnzako wakale?
Wozunguzika, Nkolokosa

Mayi,
Funso lanu mwaliyankha nokha pamene mwati munasintha pasiwedi. Mnzanu wa geni ya kaunjika mumamusinthira pasiwedi?

Mwambi wakewo ndi woona, madzi saiwaladi khwawa. Koma khwawa limenelo pano muli nyumba, muli bambo ndi ana atatu, ndipo ife a mu Blantyre palibe angatiphunzitse chimene madzi amachita akabwerera mmene anthu anamangamo. Amene mukumusowayo si bambo wa ku Joni ameneyu, simukumudziwa nkomwe, zaka pafupifupi 30 wadya chani, wasiyana bwanji ndi mkazi wake, mwamva mbali imodzi. Mukusowa mtsikana uja wa fomu 3 amene ankalandira kalata yopindidwa katatu yothira pafyumu, wopanda fizi yolipira kapena mawondo opweteka. Ameneyo ngakhale mupite ku Limbe simukamupeza. Muuzeni kuti zocheza zikhale mu gulupu momwe muli anthu, tiyi ngati akumufunadi abwere kunyumba adzamwe ndi bambo. Muona yekha achepetsa moni. Ndipo nthawi ya 11 usikuyo bambo amakhala ali kuti, akuchita chani? Mwina nkhani yeniyeni ili pamenepo, mundilemberenso.

MNZATHU WABWERA NDI BIZINESI

Azakhali,
Mnzathu wina amene tinasiyana mu 1998 walowa mu gulupu ndi nkhani yoti tiziika K200,000 pakatha miyezi iwiri tizilandira K400,000, akuti ndi za pa intaneti. Awiri alandira kale. Ndi munthu woti tinkadyera mbale imodzi. Ndiyese?
Wofuna kutukuka, Zingwangwa

Ayi. Awiri alandirawo alandira ndalama za amene alowa pambuyo pawo, ndipo zanu nde zidzalipira ena mpaka tsiku limene nambala yake idzasiye kupezeka. Mufunseni chiphaso chochokera ku Reserve Bank of Malawi chomulola kusonkhetsa ndalama za anthu, mumve mmene ayankhire. Muyambenso mwamuimbira pa vidiyo muone ngati ndi iyedi, pena amakhala munthu wina amene wangotola chithunzi pa Facebook. Mbale imodzi munkadyera mu 1998, nsima yake inagayika.

KODI AMENE SANAMALIZE NAFE NDI MNZATHU?

Azakhali,
Ndine msungichuma wa gulupu ya amayi amene tinamaliza fomu 4 mu 1992 pa sukulu ina ya atsikana. Timasonkha K5,000 pamwezi ya chipepeso ndi matenda. Posachedwa tamva kuti mnzathu wina amene anachotsedwa sukulu tili fomu 3 chifukwa cha mimba ali ku Queens, wagonekedwa mwezi wathunthu, akumudikirira ndi mwana wake yemwe uja anabadwa nthawi imeneyo. Nyumba yake inapita ndi namondwe wa Freddy ku Chilobwe, wakhala akuchita lendi chipinda chimodzi. Mu gulupu salimo, alibe foni ya WhatsApp, sanasonkhepo. Ndinapempha kuti titapeko mu thumba, nde kwabuka nkhondo. Ena akuti sanamalize nafe, ena akuti tikayamba zimenezi thumba litha, wina mpaka anati ndalama ndikufuna kudya ndine. Awiri atuluka. Nditani?
Msungichuma wotopa, Chilomoni

Mayi msungichuma,
Pepani ndi mawu oti mukufuna kudya ndalama, amene sanasungepo ndalama za gulu sadziwa mmene amawawira. Koma apa pali nkhani ziwiri ndipo mwaziphatikiza, nchifukwa chake zavuta.

Ya thumba, anzanu otsutsawo ali ndi mfundo ngakhale aiyankhula moipa. Ndalama imene anthu anasonkha pa mgwirizano wina simungaitembenuze nokha chifukwa mtima wakupwetekani, mawa wina adzabwera ndi mlamu wake. Thumba lisiyeni. Mukadzakhala pansi mulembe malamulo, tsamba limodzi lokwana, loti thumba limathandiza ndani, kodi makolo ndi ana alimo, ndalama zingati pa maliro zingati pa matenda, ndipo nambala ya Airtel Money kapena Mpamba yosonkhera ikhale yapadera osati yanu yogulira tomato, pakutha pa mwezi muziponya mu gulupu zolowa ndi zotuluka aliyense aone. Magulu ambiri amene ndawaona akutha sanathe chifukwa cha kuba, anatha chifukwa palibe chinalembedwa.

Koma zoti sanamalize nafe zandiwawa, ndipo ndiyankhula ngati mphunzitsi wakale. Mtsikana ameneyo sanasiye sukulu, anachotsedwa. Nthawi imeneyo mtsikana akapezeka ndi mimba ankalongedza tsiku lomwelo osabweranso, mnyamata kapena bambo amene anamupatsa mimbayo nkupitiriza moyo wake bwinobwino. Ndondomeko yolola atsikana kubwerera kusukulu akabereka inabwera mu 1993, iyeyo inamuphonya ndi zaka ziwiri zokha. Inu amene munali naye mukukumbuka mmene zinkakhalira, kuitanidwa mmodzimmodzi kukayezedwa, kenako sutikesi pamutu kulowera ku geti ena mukusuzumira pa windo la kalasi. Ndipo tisanamizane, mwa amene akukuwa lero kuti sanamalize nafe alipo amene anangopulumuka mwamwayi, akudzidziwa. Anagona nanu hostelo imodzi zaka zitatu, anadya nanu nyemba zomwe zija. Setifiketi ndi imene ikupanga munthu kukhala mnzanu?

Kalasi yanu ndi ya m'badwo umene unaika anzawo ambiri. Amene munamaliza kumayambiriro kwa ma 90 munalowa m'mabanja matenda aja ali pachimake, ma ARV aulere m'zipatala za boma anadzayamba mu 2004, ochuluka sanafikeko. Tsiku lina mudzayese kutenga chithunzi cha kalasi chija, chimene munajambulitsa mutavala yunifomu kutsogolo kwa holo, muziloza mmodzimmodzi. Ife tinachita zimenezo ku Nyambadwe kuja ndipo mzere wakumbuyo wokha tinasiyira pakati, amene ankawerenga maina analephera kupitiriza. Ambiri tinamva patapita zaka kuti anatisiya, ena tinkakhala nawo tauni imodzi, wina anamwalira ku Ndirande ine ndikuphunzitsa ku Ndirande komweko osadziwa. Maliro ake tikanasonkha, tonse timadziwa kusonkha maliro, nkhata zamaluwa ndi nsalu yofanana. Wanuyu ali moyo ndipo mukudziwa wodi imene ali.

Nde lembani mu gulupu kuti thumba silikhudzidwa, nkhani imeneyo yatha, koma Loweruka ine ndikupita ku Queens, amene akufuna apereke chimene ali nacho kapena tipitire limodzi. Osakakamiza, osatchula amene sanapereke, osaponya mndandanda wochititsa manyazi. Mwina mupita anayi, zokwana. Mufike nthawi yoonera odwala poti alonda a pa geti la wodi sasekerera, mutenge phala mu fulasiki, shuga, sopo, chitenje chatsopano, ndi kandalama mumupatse mwana wakeyo m'manja poti amene akudikirira wodwala ndi amene amagona pansi nkumagula chakudya panja tsiku ndi tsiku. Musamujambule, chonde, za zithunzi za odwala mu gulupu ndimadana nazo. Ndipo musakayambe ndi kumufunsa kuti unasowa kuti, iyeyo sanasowe, anali pa Chilobwe pompa. Mukamuitane ndi dzina lija munkamuitana ku hostelo.

Awiri atulukawo asiyeni kaye sabata ziwiri, kenako muwaimbire foni yeniyeni osati meseji. Mundilembere mmene mwayendera ku chipatalako. Za apongozi mwezi wamawa, amene munatumiza za apongozi obwera ndi katundu wa miyezi itatu ndakusungirani malo oyamba.

Ndine wanu,
Azakhali